Beringi Yopanda Nambala

Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Tauni yonse inkawatchula kuti a Ziliko, chifukwa ndi mawu amene ankayankha munthu akafika pa kashopu kawo atakulunga chitsulo chakutha m'kasanza. Ogulitsa zipangizo ena akaona chitsulo cha lole yakale ya asilikali ankangopukusa mutu, amvekere zimenezo zinapita ndi eni ake. A Ziliko ankachitembenuza kawiri, kuchinunkhiza ngati akugula nsomba, kenako nkunena kuti, "Ziliko. Mubwere Lachinayi." Ndipo Lachinayi zinkapezekadi.

Kashopuko kanali kumapeto kwa msewu wa magalaja, kuseri kwa owotcherera mafelemu a mawindo. Munthu wonenepa ankalowamo cham'mbali. Mashelefu anali akuda bii ndi oyilo, zitini za penti zodzaza mabawuti zili ndandanda pansi, ndipo pakona panali chonolera cha magetsi chomangiriridwa pa chitsa.

Ali mnyamata analembedwa ntchito ku galaja ya asilikali. Mfuti sanaigwirepo ayi, ntchito yawo inali kutsuka zitsulo m'beseni la parafini. Amakaniko akamasula giyabokosi, ankakhuthulira zam'kati zonse kwa iwo. Zaka khumi ndi ziwiri zala zawo zinasambira m'parafini, mpaka zinadziwa beringi iliyonse, shafti imene imakhalapo, ndi kaliridwe kake ikayamba kutha. Kenako asilikali anagula malole atsopano, akalewo nkuwagulitsa kwa anthu wamba, ndipo wotsuka zitsulo anauzidwa kuti zikomo, pitani bwino. Iwo sanakhalitse pansi akudandaula. Anatsatira malole aja ngati nkhupakupa pa ng'ombe.

Malolewo anali oyipa nkhope, aphokoso, omwa dizilo ngati zidakwa. Koma mtunda wa matope umene malole amakono amangouona nkubwerera, iwo ankaukwera akutsokomola, atasenza mitengo mpaka pamwamba. Ocheka matabwa ankawakonda pa chifukwa chimenechi. Vuto linali lakuti amene anawapanga anasiya kalekale kupanga zipangizo zake, komanso miyeso yake inali ya mainchi pamene mashopu onse anadzaza ndi za mamilimita. Beringi ya pa shafti yayikulu ya m'giyabokosi ikatha, lole inkagona pomwepo. Silo, kamphira kozungulira kaja kotchinga oyilo, ikauma, oyilo ankadontha mpaka magiya kuyamba kudyana okhaokha.

A Ziliko anatha chaka chathunthu akuyesa maberingi a zigayo, a mathirakitala, a mapampu a madzi. Pamapeto pake anapeza kuti pali beringi ina wamba, yogulitsidwa m'shopu ya zipangizo za ulimi, imene imakhala pa shafti ija ngati inabadwira pomwepo, bola kuiveka kamphete kachitsulo kunja kwake kuti isagwedere m'bowo. Anapezanso silo yoyenda nayo. Tsiku limenelo anabwera kunyumba akuimba, akazi awo mpaka anawanunkhiza m'kamwa.

Koma beringi iliyonse imadindidwa nambala m'mbali, ndipo munthu wodziwa nambala sangafunenso a Ziliko. Choncho akagula ankadzitsekera m'shopu, kuwotcha kabokosi kake pa mbaula, nkuyatsa chonolera chija. Kungokhudzitsa pang'ono, tsiii, nambala yapita, patsala kachipsera konyezimira. Pa silo ankapala ndi lumo. Manambalawo sanawalembe paliponse.

"Pepala lili ndi miyendo," ankauza akazi awo. "Koma mutu umagona pomwe ndagona ine."

Ena ankati umenewo ndi umbombo. Tisafulumire kuwaweruza. Munthuyu analibe munda, analibe satifiketi, analibe m'bale wa m'maofesi. Anali ndi manambala awiri m'mutu ndi ana asanu ndi mmodzi pakhomo, ndipo ana onsewo anavala nsapato ndi kumaliza sukulu chifukwa cha kulira kwa chonolera.

Timphete tija ankawasemera ndi a Chete, mkulu wamtali wowerama msana, mwini makina osemera zitsulo kuseri kwa ogulitsa matayala. A Chete akayankhula mawu khumi patsiku ndiye kuti alongolola. A Ziliko ankawaopa chifukwa cha zomwezo, amvekere munthu wosayankhula amamva zambiri. Beringi sankapita nayo kumeneko, ngakhale yofufutidwa kale. Ulendo woyamba anangotchula miyeso ya mphete pakamwa, ndipo maulendo ena onse ankaima pakhomo nkunena kuti, "Ngati ija." Mpando sankaulandira. Analetsanso ana awo kudutsira njira imeneyo, kuopa kuti mwana angafunsidwe bwinobwino nkuulula kumene bambo ake amakagula katundu. Zinakhala choncho kwa zaka makumi atatu.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Mmawa wina a Ziliko akumanga zingwe za nsapato anangogwa chammbali. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Patapita milungu ingapo mwendo unabwerera, lilime linamasuka, dzanja linayambanso kugwira sipanala. Manambala okha sanabwerere. Ankakumbukira nyimbo za ali mwana, ankakumbukira nkhope ya sajeni amene anawamenya mbama chifukwa cha washala wotayika, koma akafufuza pamalo pamene pankakhala nambala ya beringi ankapeza pali see. Anachita mantha kwambiri, ndipo sanauze munthu. Pa shelefu panali maberingi angapo okonzedwa kale, malole otere anali atatsala owerengeka, ndiye anaganiza kuti mutu udzatseguka wokha katunduyo asanathe. Katundu anatha, mutu usanatseguke. Shopu ya zaulimi ija nayo inali itatsekedwa, mkati mwake akugulitsamo masofa.

Mwa ana onse aja, mmodzi yekha ndiye anatsala pafupi, wamkazi womaliza. Ankakhala m'nyumba ya kuseri pa mpanda womwewo, ndi mwamuna wake ndi ana atatu. Mkamwiniyo anali dalaivala, ndipo lole yake inali imodzi mwa zakale zija, yotuta mitengo kuphiri. Munthu waulemu, wosakweza mawu pamaso pa apongozi ake, koma akanena chinthu ndiye wanena.

Lolemba lina anafika pa shopu, ovolosi ili noninoni ndi oyilo, nkuyala kasanza pa tebulo. Munali zidutswa za beringi yosweka ngati mbale yadothi, ndi kamphete kotafunidwa kosadziwikanso maonekedwe.

"Bambo, yatiphonya pa mtunda waukulu uja," anatero. "Tachita kuikoka ndi thirakitala. Abwana a matabwa andipatsa milungu iwiri. Akuti mvula ikuyandikira, sangadikire, apereka ntchito kwa wina."

"Nanga akapereka kwa wina?"

Mkamwini anayang'ana pansi. "Ndiye kuti lole ipita kwa ogula zitsulo zakutha. Achimwene andipezera malo oyendetsa mathanki a mafuta kutali kuja. Titenga ana, tipita tonse."

A Ziliko anatola chidutswa chimodzi. Kachipsera konyezimira kanali pomwepo, ntchito ya dzanja lawo. Analibe poyambira, koma pakamwa pozolowera sipadikira mwini wake.

"Ziliko," anatero. "Ubwere Lachinayi."

Mmawa wake anavala jekete nkupita ku shopu yayikulu yatsopano, ya magalasi mpaka pansi, kumene zipangizo amazifufuza pa kompyuta. Mtsikana wa pa kauntala anawalandira bwino.

"Nambala yake, agogo?"

"Inafufutika."

"Inafufutika yokha?" anafunsa akuyang'ana chidutswacho. "Apa pakuoneka ngati wina anachita dala. Anthu ena nkhanza, agogo."

"Eya, anthu ena," anavomera a Ziliko.

Mtsikanayo anayesetsa. Anayeza zidutswa, anazilumikiza pa kauntala ngati akusoka nsalu, koma zina zinali zitatsalira m'phiri. Miyeso ya shafti ndi ya bowo ataiika m'kompyuta, kompyuta inati kulibe chinthu chotere padziko. Anasankha yoyandikira. Mkamwini ataiyesa, inali yonenepa, chivundikiro cha giyabokosi chinakana kutseka. Anakasintha ndi ina, imeneyo inkavina pa shafti. Lachinayi linadutsa.

Anayamba kuzungulira kwa ogula zitsulo zakutha, akuti mwina apeza giyabokosi yakufa yoti aone beringi yathunthu. Koma malole oterewa akafa, giyabokosi ndiyo imayamba kugulidwa. Tsiku lachitatu anapeza imodzi kuseri kwa mulu wa mafiriji, itaphwanyidwa kale ndi nyundo kuti ikasungunulidwe. Anagwada m'dzimbiri, nkufukula ndi zala mpaka anatulutsa theka la beringi. Analipukuta pa thalauza, nkulilozetsa ku dzuwa. Chipsera chomwe chija. Anaseka okha, kuseka kowawa, mpaka mwini malowo anawafunsa ngati ali bwino. Anapaka malovu, anayala pepala pamwamba nkupukuta ndi pensulo kuti mwina mthunzi wa nambala utuluke. Sipanatuluke kanthu. Ntchito ankaigwira bwino munthuyu.

Kunyumba ankanama. Ankati katundu ali m'njira, mnzawo wina akutumiza. Mkamwini ankangoti, "Chabwino bambo," koma ankadzuka mmawa kukapukuta lole yosayenda, ndipo zimenezi zinkawapweteka a Ziliko kuposa mawu achipongwe.

Lachiwiri la mlungu wachiwiri anabwera masana kudzadya, nkupeza mwana wawo akuyanika masutikesi pa dzuwa, atawatsegula kukamwa kuti fungo la nkhungu lichoke. Adzukulu ankalowa ndi kutuluka m'masutikesimo akusewera. A Ziliko analowa m'nyumba osapereka moni, nkukhala pa bedi jekete ili m'thupi.

Akazi awo anawatsatira, natseka chitseko. Mayiwa anakhala nawo zaka makumi anayi ndi mphambu, ndipo ankadziwa kusiyanitsa kutopa kwa miyendo ndi kutopa kwa mtima.

"Bambo a ana, mwaiwala eti?"

"Ndaiwala chiyani?"

"Musandiyese mlendo. Chibwerereni kuchipatala, foni mumapatsa ine kuti ndikuyimbireni. Mukati magalasi asowa, ali m'thumba lanu."

Misozi ya a Ziliko inangotsika yokha, osaipukuta. "Zapita, mayi. Zonse ziwiri. Ndafufuza mpaka mutu kuwawa."

"Nanga mphete zija ankasema ndani?"

"A Chete sadziwa kanthu. Ndinaonetsetsa ndekha kuti asadziwe."

"Sindikunena nambala. Munthu wasema chinthu chimodzi zaka zonsezi, angaiwale kukula kwake? Akakuuzani kukula kwa mphete, mtsikana wa kompyuta uja sapeza poyambira?"

Zinali zoona, ndipo a Ziliko anadabwa kuti sanaziganize okha. Kapena anaziganiza, koma manyazi anazikankhira kumbali. Ukapita bwanji kukapempha kwa munthu amene kwa zaka makumi atatu unakana ngakhale mpando wake? Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anadzuka osadya.

Anapeza a Chete atawerama pa makina awo, tizidutswa ta chitsulo tikugwa topotanapotana pa nsapato zawo. M'chipindamo munkanunkha oyilo wopsa. Ataona mlendo anazimitsa makina, nkuloza benchi ndi chibwano monga ankachitira nthawi zonse. Ulendo uno a Ziliko anakhala.

"Achimwene," anayamba, chipewa chili m'manja, "ndabwera ndi manyazi. Matenda aja anandibera zinthu m'mutu. Lole ya mkamwini wanga yagona, ndipo ikapanda kudzuka pofika Lolemba, mwana wanga ndi adzukulu akupita kutali. Ndimati mwina mukukumbukira miyeso ya mphete ija. Ya mkati yokha. Zinazo ndikavutika nazo ndekha."

A Chete anapukuta manja pa kasanza pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Kenako anapita pa kabati yachitsulo yosungiramo mipeni ya makina, nkutsegula chitseko chake mpaka kumapeto. Mkati mwa chitsekocho munali zolemba zokanda ndi msomali, zadzimbiri chifukwa cha kukhalitsa. Anaika chala pa mzere wina nkuwerenga mokweza. Sanawerenge miyeso ya mphete. Anawerenga nambala ya beringi, yonse, ndi zilembo ziwiri za kumapeto kwake. Anatsitsa chala pang'ono, nkuwerenganso ya silo.

A Ziliko anaimva nambalayo ikulowa m'khutu nkukakhala pamalo pake penipeni. Inali yomweyo.

"Munaidziwa liti?"

"Mphete yachiwiri."

"Bwanji? Sindinabwere nayo kuno ngakhale kamodzi."

"Mkati mwa mphete ndi kunja kwa beringi. Kutalika kwa mphete ndi kunenepa kwa beringi. Shafti ndinaisemapo ya munthu wina. Buku ndili nalo." A Chete analoza buku lonenepa la manambala a maberingi, lopanda chikuto, pamwamba pa kabati. "Inatenga theka la ola."

"Nanga silo?"

"Lumo lanu linaphonya tsiku lina. Wogula anabwera nayo kuno."

Kunja wina ankamenya tayala ndi nyundo. A Ziliko ankaona zaka zonse zija zikudutsa: kutseka chitseko, utsi wa timabokosi, kuzungulira njira yayitali pochokera ku shopu ya zaulimi kuti asaonedwe. Zonsezo ankabisira munthu amene anali nazo pa chitseko cha kabati.

"Ndiye eni malole sankabwera kuno kudzafunsa?"

"Ankabwera. Ambiri."

"Munkawauza chiyani?"

"Pitani kwa a Ziliko."

"Chifukwa chiyani, achimwene? Mukanatha kugula nokha, kusema mphete nokha, kugulitsa zonse pamodzi. Ine ndikanatseka mwezi womwewo."

A Chete anakweza mapewa, ngati afunsidwa chifukwa chake madzi amanyowetsa. "Ine ndinali ndi makina. Inu munali ndi chokhacho. Ndipo ndinkawaona ana anu akupita kusukulu, akuzungulira uko kuopa kudutsa pano." Anamwetulira pang'ono. "Asanu ndi mmodzi. Ndinkawawerenga."

Tsiku limenelo a Chete analongolola, mawu a mwezi wathunthu anathera pa benchi imeneyo. A Ziliko anayesa kunena zikomo, koma mawuwo anawaona kuchepa, ngati kuthira kapu ya madzi pa munda. Anachita manyazi, anachitanso chisoni, ndipo pansi pa zonsezo panali kupepukidwa kumene sanakumvepo chidwalireni. A Chete anawapulumutsa posawayang'ana. Anang'amba kapepala pa thumba la simenti, nkulemba manambala awiri aja ndi zilembo zazikulu ngati za mwana wa sukulu.

"Mphete ndiseme?"

"Semani."

"Ngati ija?"

"Ayi," anatero a Ziliko. "Ndibwera nayo muyesere pompano."

Mtsikana wa ku shopu ya magalasi atalandira kapepalako sanachedwe ndi komwe. Beringi inali pa shelefu yachitatu, yambirimbiri, ndipo silo inali m'dirowa pansi pa kauntala. "Agogo, zimenezi timagulitsa tsiku ndi tsiku kwa a zigayo," anatero. "Mukanangonena."

Mmawa wa Lachitatu a Ziliko anaiika beringiyo pa tebulo la a Chete ili m'kabokosi kake. A Chete anaitulutsa, anaizunguza pa chala, anaimvetsera pafupi ndi khutu.

"Zaka makumi atatu ndikuisokera malaya," anatero, "nkhope ndikuiona lero."

Loweruka masana giyabokosi inali itabwerera pansi pa lole. Mkamwini analiza injini, utsi wakuda unadzaza mpanda wonse, nkhuku nkubalalika. Analowetsa giya yoyamba, yachiwiri, anazungulira mpaka ku mapeto a msewu nkubwerera. A Ziliko anagwada movutikira nkusuzumira pansi. Panalibe ngakhale dontho la oyilo. Mkamwini anatsika akuseka ngati mwana, nkuyamba kuuza anthu oyandikana nawo amene anasonkhana pa geti.

"Ndinkakuuzani ine! Mutu wa bambo ndi buku. Ena onse anati kulibe, iwo anangoti Lachinayi!"

Mawu amenewo anali okoma, tisaname. A Ziliko anawalawa, ndipo akanatha kuwameza osatsamwa, poti akazi awo sakanaulula, a Chete ndiye sakanayankhula nkomwe. Anayang'ana mwana wawo ataima pakhonde, mwana wakhanda ali kumsana, akuwomba m'manja. Uyu ndi amene ankalira ali wamng'ono kuti njira yakusukulu ndi yayitali, bwanji osadutsira kwa matayala ngati anzake, iwo nkumukalipira.

Anthu atabalalika anamuitana. Anabwera nkugwada pambali pa mpando wawo.

"Mawa tikachoka kutchalitchi usavule zovala zabwino," anatero. "Ana uwasambitse onse atatu. Pali munthu amene ndikufuna ukamuone."

"Ndani, ababa?"

"Amene anakuphunzitsa sukulu, iwe ndi abale ako onse."

Mwanayo anaseka, akuyesa nthabwala. "Si inu nanga?"

"Inenso ndinkayesa choncho."

Anawayang'ana nkhope, nkuona kuti sakuseka. "Ndikumudziwa munthuyo?"

"Sukumudziwa," anatero a Ziliko. "Sunamupatsepo ngakhale moni. Ndinakuletsa ndine."